Dolofini Amene Anakana Kusiya Mwana Wake

Tsiku limenelo panali ine, panali mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito yamagetsi ku migodi ya kumpoto, panali mkazi wake, mpongozi wanga, ndiye panalinso mayi wina wa Mvano wa kumpingo kwathu ndi amuna awo, bambo wofatsa wopima miyala, amene galimoto yawo yaikulu ndi imene tinakwera. Kugombe la nyanja kumene tinapita tinapezako mzungu wamkazi wovala yunifolomu, wa anthu oyang'anira nyama zam'nyanja. Azungu ena anali apo ndi apo ndi agalu awo, koma amenewo sindikuwawerengera.

Ine ndine munthu wa mawu aakulu, sindibisa. Ndinakhala kapitawo pa esiteti ya fodya ku Kasungu mpaka imvi mbuu, ndipo ndikaitana munthu kumapeto kwa munda ankatembenuka ndi a munda winawo omwe. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga ndinamuphunzitsa mpaka anawoloka nyanja. Mayi ake atamwalira iye anati bwerani kuno ku Perth muzikhala nafe. Ndinagulitsa ng'ombe, nyumba ndinapatsa mwana wa mlongo wanga, kutchalitchi ndinaimirira kutsogolo n'kutsanzika kuti abale ndapita, mafupa anga akagona kwa azungu. Anandipatsa chipinda changachanga m'nyumba mwawo ku Joondalup, dera lina la mzindawo. Kumudzi ndinalibenso pogona, ndipo sindinkada nazo nkhawa.

Ndinafika mpongozi wanga ali woyembekezera, mimba yoyamba, atadikira zaka zambiri. Miyezi inakwana bwinobwino, koma mwanayo anabadwa osalira. Anali wamkazi.

Kwathu mwana wotere timati mtayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, sapereka dzina. Amayi achikulire amamutenga msanga, mayi wake asanamuyang'anitsitse, n'kukamuika okha m'dzenje losazama, lolekeza m'mawondo. Amuna sitipondako. Si nkhanza ayi, mundimvetse. Akuluakulu ankati ukakumba mozama wakwirira ndi mimba yomwe, ukalira kwambiri watseka njira ya amene akubwera m'mbuyo. Mkazi wanga zinamugwerapo kamodzi, anatsata mwambo, ndipo chaka chotsatira anabadwa mnyamata yemweyu amene lero amakwera ndege popita kuntchito.

Koma kuno, aaa! Kuchipatala anamupatsa mwanayo kuti amufukate. Anamuveka chipewa, anamujambula zithunzi, anadinda timapazi take papepala. Anamutcha dzina. Anagula kabokosi koyera, ndipo ndinamva kuti manda anakumba ndi makina, akuya ngati a munthu wamkulu. Ine sindinapiteko. Ndinakhala kunyumba, chifukwa ndinkaona kuti akukwirira adzukulu anga onse m'dzenje limodzi.

Mwana wanga anabwerera kumgodi, kumene amakhala masabata asanabwere, ndipo m'nyumbamo tinatsala awiri. Ndikamva mpongozi wanga akufwenthera kukhitchini ndinkaima pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, osalira. Mutseka njira. Pukutani misozi, Mulungu apereka wina." Iye ankapinda mawondo pang'ono n'kuti, "Ndamva, bambo." Ndi mwana woleredwa bwino, sanandiyankhepo mwano. Patapita nthawi kulira kuja kunatha m'nyumbamo, ndipo ine ndinati ndathandiza.

Mayi wa Mvano uja ndi amene anati mtsikanayu wauma, timutulutseko akapitidwe mphepo. Loweruka lina mwana wanga ali patchuthi tinapita kugombe la Rockingham, titanyamula nyama yowotcha, mabanzi ndi zakumwa. Amuna a mayiwo anayatsa chowotchera nyama cha pagombe pomwepo, enafe tinapita pa mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja. Posakhalitsa nawonso anatitsatira akuthamanga, akuloza.

"Achikulire, taonani uko! Madolofini!"

Ndinaona misana yotuwa ikutuluka m'madzi n'kumira, kutuluka n'kumira, iliyonse ndi chipsepse chake pamwamba. Zikatuluka zinkachita phuu, ngati ng'ombe yotopa.

"Nsomba zake zazikulu bwanji," ndinatero. "Imodzi yokha mudzi wonse ungadye mpaka kutsegula m'mimba."

"Si nsomba zimenezo, achikulire. Zimapuma mpweya ngati ife, pabowo lili pamutupo. Zimabereka mwana, osati mazira, ndipo zimayamwitsa."

"Kuyamwitsa? M'madzi? Achimwene, miyala mumaidziwa, koma musandinamize ine wamkulu. Bere lake lili pati?"

Onse anaseka, ndi mayi wa Mvano yemwe anachita kugwira chitsulo cha mlatho.

Kenaka ndinaona chinthu chimene ndinachikonda. Madolofini aja anapeza gulu la nsomba zazing'ono. Sanalimbirane ayi. Ena anapita uku, ena uko, anazungulira gululo n'kumalikankhira kugombe kumene madzi ndi osaya, monga tinkachitira pa uzimba tili anyamata, ena kuutsa nyama, ena kudikira kutsogolo. Nsomba zija zitasowa kothawira madzi anachita kuwira, ndipo aliyense ankalowa pakati, kutola yake, kutuluka, mnzake n'kulowa. Wina anaponya nsomba m'mwamba n'kuiwakha. Mbalame zoyera zinabwera kudzadya zaulere, monga amachitira anthu ena paukwati. Bambo aja anandionetsa amphongo atatu amene ankayenda phewa ndi phewa, kumira limodzi, kutuluka limodzi, ndipo anati amenewo amatha kukhala pa ubwenzi zaka ndi zaka. Anandionetsanso aakazi, aliyense kamwana kake katamatirira m'mbali mwa mimba, mayi akakhota nako kakhota.

"Amenewa akanakhala antchito anga, fodya akanatha kuthyola dzuwa lisanafike pamutu!" ndinafuula. Nditacheuka ndinaona mpongozi wanga akumwetulira, koyamba chichitikireni zija. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndiye kunabwera dolofini wina m'mbuyo, pang'onopang'ono. Ameneyu sanalowe nawo m'phwando la nsomba lija. Pamutu pake panali chinthu chotuwa, chofewa, ngati thumba lonyowa. Atayandikira mlatho tinaona tonse kuti ndi kamwana, ndipo kanali kakufa. Mayiyo ankakakankhira pamwamba ndi mlomo wake kuti kabowo kaja kafike kumpweya. Kakaterereka n'kuyamba kumira, iye ankamira nako, n'kutulukanso atakasenza. Ankatero, ankateronso. Aakazi awiri ankayenda naye, wina uku wina uku. Mmodzi ankachoka kukadya, akabwera mnzake n'kupita, koma mayiyo sanasiyidwe yekha.

Mzungu wa yunifolomu uja anali pomwepo, akukweza dzanja kuuza a maboti kuti adutse patali. Mwana wanga anamufunsa, n'kutimasulira kuti dolofiniyo wakhala akusenza mwanayo masiku angapo, sakudya kwenikweni, ndipo iwo akungodikira kuti mayiyo amusiye mwanayo mwa kufuna kwake.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinandigwira ine chinali chisoni. Nyamayo inali itaonda kuseri kwa mutu, ngakhale ine wosadziwa za m'nyanja ndinaona. Ndipo ine chisoni chikandigwira chimatulukira pakamwa.

"Inu muli ndi boti, muli ndi ukonde, mukudikira chiyani?" ndinakuwa, ndikusakaniza ndi Chingerezi changa cha pa esiteti. "Kamulandeni! Chotsani chinthucho asachionenso! Afa ndi njala ameneyu, ndipo sadzaberekanso!"

Azungu a agalu aja anatembenuka onse.

"Bambo, tsitsani mawu," anatero mwana wanga.

"Nditsitse chifukwa chiyani? Ndanama? Kwathu azimayi akanachotsa kalekale, bwenzi pano akudya ndi anzake!"

Mzungu uja sanakwiye. Analankhula motsitsa, ndipo mwana wanga anamasulira maso ali pansi. Anati akamulanda, mayiyo amalondola boti, amazungulira pamalopo kufunafuna, ndipo kuvutika kwake kumangochuluka. Amasiya yekha nthawi yake ikakwana, kenaka amayambanso kudya.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma mpongozi wanga anandiyambirira. Sanapinde mawondo. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chilowereni m'banja lathu.

"Si chinthu, bambo. Ndi mwana wake."

Atatero anakhala pansi pamatabwa paja, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira. Osati kufwenthera kwa kukhitchini kuja, koma kulira kwa kwathu, kwa pamaliro, koitana dzina. Ankaitana dzina lija limene ine ndinali ndisanalitchulepo. Mayi wa Mvano anavula chitenje chake, anamufunditsa, anakhala naye pansi n'kuyamba kulira naye. Mwana wanga anagwada kumbuyo kwawo. Ine ndinangoima, manja ali lende.

"Mayi," ndinayamba, "mukatere..."

Mayi wa Mvano anadzutsa mutu. "Bambo, tapitani mukaone nyama ija, ingapserere."

Ine, amene ndinkalamula anthu mazana, kutumidwa kukayang'ana nyama ngati kamwana! Koma ndinapita. Ndinaitembenuza nyamayo mpaka inapsa bwino, ndinaiika m'mbale, ndinavundikira. Palibe anabwera kudzadya.

Ndili pamenepo ndinkaona nyanja yonse. Madolofini aja atakhuta anayamba ulendo wolowera kuzilumba. Amphongo atatu aja anatsogola, aakazi ndi ana awo pakati, ndipo kumbuyo kwenikweni kunali mayi uja ndi katundu wake pamutu, anzake awiri aja akuchepetsa liwiro kuti afanane naye. Ndinawayang'ana mpaka maso anayamba kuwawa ndi kunyezimira kwa madzi. Ndinakumbukira mkazi wanga. Tsiku limene amayi achikulire anatenga mwana wathu uja ine ndinali kuchigafa, ndikusanja fodya, monga mwambo unkafunira. Nditabwera madzulo ndinamupeza akusesa pabwalo. Sindinamuonepo akulira. Ndinkauza anthu kuti ndinakwatira mkazi wolimba mtima. Nthawi imeneyo ankachedwa kubwera kuchokera kumunda, ndipo sindinamufunse kuti ankachedwa kuti. Pano ndingamufunse ndani?

Kenaka tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Mpongozi wanga anagona paphewa la mayi wa Mvano, maso atatupa. Nyama ija tinabwera nayo, inalowa mufiriji.

M'mawa mwake, tisananyamuke kupita kutchalitchi, ndinali kuseri kwa nyumba ndikuthirira mpiru umene ndinadzala m'mbali mwa mpanda. Mwana wanga anabwera, anatseka mpopi, anandikokera mpando. Iye anakhala pa chidebe, pansi kuposa ine, monga ndinamuphunzitsira. Ine ndinati mwina akufuna kupepesa za mkazi wake, ndipo ndinali nditakonzeka kukhululuka.

"Bambo, sindikukuthamangitsani, ndipo musakauze anthu kuti ndakuthamangitsani. Ndalankhula ndi asuweni ku Kasungu, akukonzerani chipinda. Mupite kaye. Mkazi wanga akufuna kulira mwana wake, ndipo miyezi yonseyi wakhala akulirira m'galimoto, poimika magalimoto kuntchito kwawo, kuti inu musamve. Nanenso ndimalirira kumgodi, bambo. Anali mwana wanga."