Shuga Womanga M'nsonga ya Chitenje

Zinayamba ndi nyerere. M'mawa ndikatulutsa ndowa ya kuchipinda, nyerere zinkabwera mzere kudzazungulira pamene ndatayira. Kenako ludzu, mayo ine! Ndimwe madzi, ndimwenso, kukhosi kuli gwa, masiketi onse akutsika m'chiuno. Ndinali ndi ana awiri, wamkazi wa zaka zitatu ndi wina woyamwa. Bambo awo ankapita ku mgodi kusanache n'kubwera madzulo, ndiye masana onse pakhomo pathu m'komboni ya Chamboli tinkatsala ine ndi anawo basi.

Ku kiliniki anandibaya chala. Nesi anayang'ana kamakina, kenako anayang'ana ine. "Muli ndi shuga, mayo. Muzidzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo." Anafotokoza zambiri m'Chibemba chothamanga, koma ine ndinangogwirapo chimodzi, chakuti shuga ndi mdani wanga. Sindinauze munthu kupatula mwamuna wanga. Aneba anga a khomo loyandikana anali atayamba kale kundiyang'ana mafupa a m'khosi, ndipo ndinkadziwa matenda amene anthu amanong'onezana munthu akaonda chotero.

Nesi uja anatinso odwala shuga amakumana Lachinayi pa mabenchi a kuseri kwa kiliniki. Ndinapita, mwana kumsana, ndinakhala kumapeto kuti asandifunse. Koma mayi wina wogulitsa tinsomba ta kapenta ku msika wa ku Chimwemwe, wa kwathu ku Katete, anandiloza.

"Iwe wa jakisoni, shuga wako ali kuti?"

"Sindidya shuga, amai."

Benchi yonse inaseka. Mdala wina amene anapuma ntchito ku mgodi anati, "Uyu tidzamutola m'ngalande, muona."

Mayi aja anakoka nsonga ya chitenje chimene ndinaberekera mwana, nathiramo masupuni atatu a shuga wa m'kabotolo kawo, namanga mfundo yolimba. "Ukamva manja akunjenjemera, thukuta lozizira, usafunse munthu, idya. Jakisoni akapeza m'mimba mulibe kanthu amagwetsa ngakhale mwamuna wa pansi pa mgodi." Ndinathokoza ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati, kodi akufuna kundipha?

Panapita milungu iwiri, linafika Lachitatu la Phulusa. Kwathu tsiku limenelo timasala kudya, amai anga anatilera choncho. Ndinadzibaya monga mwa masiku onse, ndinapita ku Misa ya sikisi, ndinabwera ndi phulusa pamphumi, osalawa kanthu. Cha m'ma teni ndinakoleza mbaula pakhonde kuti ndikazinge zitumbuwa zogulitsa.

Mafuta atatentha, supuni inayamba kugundagunda m'mphepete mwa chiwaya. Ndinayang'ana dzanja langa, likuvina lokha. Thukuta linatsika kumsana mpaka mwana anayamba kuterereka. Chiwaya ndinkachiona pawiri. Ndinati ndiimirire ndichiphule, miyendo inakana, ndinangokhala pansi phwata. Zitumbuwa zokazinga kale zinali pompo m'beseni, koma mutu unkangoti lero n'kosala, ndiponso kwa wa shuga ndi zoletsedwa.

Ndiye ndinaona wamkulu uja akubwera ndi kambale kake. "Amai, chitumbuwa." Sankapita ku beseni. Ankapita ku chiwaya, kumene zinkachita phokoso.

Ndinafuna kukuwa, lilime linalemera. Ndinaponya dzanja n'kugwira diresi lake kumbuyo. Anakoka, analira, ine ndinangofinya. Mbaula inali pafupi moti akanatambasula mkono akanaikhudza. Ndinkamva zala zanga zikutha mphamvu chimodzichimodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndikagwa ndigwera kutsogolo, ine ndi wakumsana yemwe.

Pachifuwa panga chinachake chinkandikanda. Inali mfundo ija. Kumasula ndi dzanja limodzi sindikanatha, ndiye ndinaiika yonse m'kamwa, nsalu ndi fumbi lake lomwe, n'kuyamba kuyamwa ngati khanda. Kutsekemera kunatuluka pang'onopang'ono. Ndinayamwa, ndinatafuna, diresi osalisiya.

Aneba aja anamva kulira kwa ana awiri nthawi imodzi. Anathamanga, anaphula chiwaya ndi nsalu yawo. "Ba neba, n'chiyani? Mukudya chitenje?" Ine ndinangopitiriza kuyamwa mfundo ija. Maso atayera ndinatenga chitumbuwa n'kudya, phulusa lili pamphumi, ndikulira.

Mawa lake linali Lachinayi. Ndinafotokoza zonse pa benchi, ndipo palibe anaseka. Mayi a kapenta anagwira mfundo yotafunidwa ija naiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulungu anakuuza kuti usale ndi jakisoni m'thupi? Kafunse ansembe, odwala sasala, oyamwitsanso sasala. Iwe uli zonse ziwiri." Kenako anafunsa, "Pakhomo pako akudziwa ndani?"

"Bambo a ana."

"Amene amakhala pansi pa nthaka tsiku lonse?" anatero mdala uja. "Adzakumva ali kumeneko?"

Nditatsika minibasi sindinalowe m'nyumba mwanga. Ndinagogoda kwa aneba. Ndinawaonetsa jakisoni ndi khadi la ku kiliniki. Ndinawauza kuti akandiona ndikutuluka thukuta kapena kuyankhula zosamveka, ayambe achotsa ana pamoto, kenako andipatse shuga. Ndikakhala kuti sindikuyankha asandithire kanthu m'kamwa, aitane anthu andinyamule kupita ku kiliniki. Anangoti, "Mukanandiuza kale, mwe."

Madzulo amenewo ndinatulutsa zitenje zanga zonse zinayi, cha kutchalitchi chomwe, ndinamanga shuga m'nsonga ya chilichonse. Mbaula ndinaisamutsira kuseri, pakati pa khoma ndi dramu la madzi. Kuyambira pamenepo sindikoleza moto ndisanadye, ndipo mafuta asanapite pamoto ndimatsitsa mwana kumsana, ndimagwira wamkulu dzanja, n'kukawasiya onse awiri pa mphasa ya aneba.