Mlongo Wanga ndi Bawuti Yopanda Dzimbiri

Mlongo wanga anakolopa nyumba imodzi ya maofesi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nyumba ya nsanjika zisanu, zimbudzi khumi ndi ziwiri, masitepe mbali ziwiri. Analowa ntchitoyo mwamuna wake atangomwalira, mwana ali kumsana, ndipo anatulukamo mutu utayera. Ogwira ntchito m'menemo ankamutcha Mayi Chikolopa. Ambiri anapuma ntchito osadziwa dzina lake lenileni, koma iye ankadziwa zawo zonse. Ankadziwa bwana amene amabisa botolo kuseri kwa mafayilo. Ankadziwa amene amazimitsira ndudu mumphika wa maluwa, ndi amene amamata chingamu pansi pa tebulo. Sankanena. Ankangochotsa.

Tinapondana pamutu, ine wamkulu. Kuyambira tili ana sindinamuonepo atakhala pansi m'chipinda chimene muli fumbi.

Atapuma ntchito anakakhala kwa mwana wake wamkazi. Mkamwini wathu amagwira ntchito ya makompyuta. Ndi munthu waulemu, wolankhula motsitsa, ndipo kunyumbako ali ndi kachipinda kake kodzaza mawaya ndi mapepala. Pa miyezi inayi mlongo wanga anakulunga mawaya onse bwinobwino, atawazula kaye. Anataya katoni ya tizitsulo timene iye anati n'takufa. Kompyuta anaipukuta ndi kansanza konyowa. Mkamwini sanakalipe. Anthu aulemu sakalipa, amakauza mkazi wawo kuchipinda.

Ndiye mwana wa mlongo wangayo anabwera kwa ine.

"Amalume, zikapitirira chonchi amayi abwera kudzakhala kwanu."

Ine ndinali makaniko. Ndili ndi zipinda ziwiri. Chimodzi ndimagona, chinacho muli zitsulo zanga. Wobwera amati ndi mulu wa zinyalala, koma ine ndikhoza kulowamo magetsi atazima n'kutuluka ndi chimene ndikufuna. Nditamva mawu amenewo ndinakhala tsonga.

"Tichite bwanji, mwanawe?"

"Azolowerane ndi mkamwini wawo basi. Loweruka usiku apite limodzi ku masewera a bambo akunyumba aja. Inunso mupite nawo, mukakhale pakati."

Masewerawo eni ake amati jiyokashing'i. Amatere. Munthu wamkulu, wa ntchito yake, amatenga kabokosi n'kuikamo kapepala. Amakabisa penapake m'tauni, n'kulemba pa intaneti manambala a malowo. Munthu wina wamkulu, wa ntchito yakenso, amatsatira manambalawo ndi foni. Foni imamufikitsa pafupi n'kumusiya. Kwatsalako n'kupapasa. Akakapeza amalemba dzina pakapepala paja, n'kubwezera kabokosi pamene kanali. Mkamwini amakonda kupita usiku, akuti kumakhala kopanda anthu oonerera.

Loweruka lija anatulukira atavala chovala cha matumba khumi, tochi atamanga pachipumi ngati wolowa mumgodi. Mlongo wanga anavala juzi, n'kunyamula chikwama chake chakutchalitchi.

"Ndiye mukachipeza amakupatsani chiyani, Bambo?" anafunsa m'galimoto.

"Satipatsa kanthu, Amayi. Timangolemba dzina."

"Nanga mumabwerako ndi chiyani?"

"Chimwemwe, Amayi."

Mlongo wanga anatembenuka kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana panja.

Tinayambira kupaki. Mkamwini anati ichi n'chosavuta, cha ophunzira. Anayenda patsogolo foni ili m'manja awiri, pang'onopang'ono, ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi. Anapita kumanja, foni inakana. Anabwerera kumanzere, inakananso. Anati kwatsala mamita anayi, kenako anati asanu ndi awiri.

"Si icho?" anatero mlongo wanga.

Ankaloza pansi pa benchi. Udzu unali wopondeka mbali imodzi yokha, ndipo pathabwa lam'munsi fumbi linali ndi zala za anthu. Mkamwini anagwada, n'kutulutsa kabokosi kapulasitiki, konga kotengera chakudya kuntchito. M'katimo munali kabuku konyowa, pensulo yothyoka, batani, ndi kagalimoto koseweretsa ana kopanda tayala limodzi.

"Zinyalala izi," anatero mlongo wanga. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kansanza.

"Amayi, mwabwera ndi kansanza?"

"Munthu amayenda bwanji wopanda kansanza?"

Mkamwini anakumbatira kabokosiko. Anafotokoza mwaulemu kuti sitipukuta, sititaya kanthu, timabwezera ndendende pamene tachipeza. Ndipo chachikulu, anthu osadziwa masewerawa asaone. Ali m'kati molankhula, mnyamata ndi mtsikana anatulukira m'kanjira atagwirana manja.

"Weramani! Muzikhala ngati mukumanga zingwe za nsapato!"

Tinawerama tonse atatu. Nsapato zanga zilibe zingwe. Awiri aja anaona nkhalamba ziwiri ndi bambo wa tochi pachipumi atawerama mumdima, ndipo anabwerera kumene anachokera, mofulumira ndithu.

M'galimoto mkamwini anali wokondwa. Anati Amayi ali ndi mwayi wa oyamba kumene. Kenako anatsitsa mawu n'kutiuza za china, chimene chinamusowetsa tulo. Anachibisa munthu amene pagulu lawo amamutcha Profesa. Palibe anamuonapo nkhope. Pa zaka ziwiri anachipeza anthu anayi okha. Iye anali atapitako kasanu ndi kamodzi, n'kubwerako chimanjamanja.

Malowo anali kuseri kwa nyumba ina ya maofesi, mbali yoimika magalimoto. Panali khoma lalitali, mapaipi a madzi amvula, ndi masitepe achitsulo othawirapo moto ukabuka. Mkamwini anayamba ntchito. Anapapasa mapaipi. Anakwera masitepe, anatsika. Anagona chafufumimba kusuzumira mungalande. Analowetsa dzanja m'bowo lina n'kulitulutsa msanga, ndipo sanatiuze chimene anagwira. Apa kansanza kaja anakalandira.

Panatha mphindi makumi anayi. Udzudzu unatidya. Mlongo wanga anangoima, chikwama chili kukhwapa.

"Bambo, mwini wakeyo ndi mwamuna?"

"Ndikuganiza choncho, Amayi."

"Ndiye dzukani pansipo. Mwamuna akamabisa chinthu sawerama. Amaika pamene dzanja lafika. Achimwene, bweretsani tochi."

Ndinamupatsa yanga yam'manja. Anaunika mabawuti ogwira masitepe kukhoma, imodziimodzi. Iliyonse inali ndi mzere wa dzimbiri wotsika pansi pake, mmene madzi amvula amayendera. Imodzi inalibe. Inali yodetsedwa bwino kuti ifanane ndi zinzake, koma khoma pansi pake linali loyera. Ine ndagwira mabawuti zaka makumi anayi, ndipo ndinali nditaiyang'ana kawiri osaona kanthu. Mlongo wanga anaigwira ndi zala ziwiri n'kukoka. Inachoka. Inali ya maginito, yobowoka m'kati, muli kapepala kokulunga ngati ndudu.

Mkamwini anakhala pansi pasitepe. Analemba dzina lake pansi pa mayina anayi aja, anajambula bawutiyo kutsogolo ndi kumbuyo, anadzijambula nayo atayiika patsaya. Kenako anafuna kuuza gulu, koma foni sinkagwira bwino pakhomapo.

"Amayi, tagwirani kaye," anatero, n'kuthamangira pansi pa getsi la mumsewu.

Ine ndinapita kuseri kwa mtengo. Chikhodzodzo cha munthu wa zaka zanga sichidikira masewera. Nditabwerako, mlongo wanga panalibe.

Tinamupeza kutsogolo kwa nyumbayo, m'kanyumba ka mlonda pageti. Pano ndifotokoze. Zaka zonse zija za chikolopa, chilichonse chimene mlongo wanga anatola m'nyumba ya eni ake ankakapereka kwa alonda, chilembedwe m'buku, malo ndi nthawi. Ndolo, makiyi, mafoni, tsiku lina mano oikirira. Sanapitepo kunyumba ndi singano ya munthu. Pa zonse za moyo wake, chimene amanyadira n'chimenechi.

Mlondayo anali bambo wachikulire wa chijasi chachikulu. Anali atavala magalasi, akulemba, mlongo wanga akumuuza.

"Bawuti imodzi, ya maginito. M'kati muli mayina asanu. Yapezeka pamasitepe akumbuyo, nthawi itatsala pang'ono kukwana leveni koloko."

"Amayi!" Aka kanali koyamba kumva mkamwini atakweza mawu. "Ndinati timabwezera pamene tachipeza!"

"Kupaki kuja inde, Bambo, ndi kwa aliyense. Pano pali eni ake. Pali mlonda, pali buku."

Mkamwini anatembenukira kwa mlonda, n'kupempha bawutiyo mwaulemu wake wonse.

"Ndi yanu, bwana?"

"Ayi, si yanga, koma..."

"Mwini wake ndani?"

"Profesa."

"Profesa ndani?"

"Dzina sindikulidziwa."

"Amakhala kuti?"

"Sindikudziwanso."

"Ndiye ndikupatseni katundu wa munthu amene simukumudziwa, mukatani naye?"

"Ndikabwezera pamene anali."

"Pakhoma pathu."

"Ee."

"Usiku uno."

Mlonda anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa tochi yapachipumi ija, imene inali ikuyakabe, ikumuthobwa m'maso.

"Dikirani. Tochi iyi ndimaidziwa."

Ananyowetsa chala n'kutsegula masamba akumbuyo. Anawerenga mokweza. Tsiku lakuti, bambo wa nyali pamutu akupapasa mapaipi, wachoka yekha. Tsiku lakuti, bambo yemwe uja wagona pangalande, akulankhula ndi foni. Tsiku lakuti, wabweranso, mvula ikugwa, akuoneka kuti si wakuba, mwina ndi matenda. Anawerenga maulendo onse asanu ndi limodzi.

"Buku losungidwa bwino," anatero mlongo wanga. "Masiku ano alonda ambiri salemba."

"Zikomo, mayi. Anthu otola chinthu n'kubweretsa nawonso anatha."

Bawuti inalowa m'dirowa, dirowa inakiyidwa. Mlonda anati mwini wake abwere Lolemba ndi chiphaso, akaonane ndi akuluakulu a nyumbayo.

Pobwerera mlongo wanga anangoti galimotoyo ikufunika kusesa pansi pa mipando.

Lolemba akuluakulu a nyumba ija analamula kuti pakhoma pawo pasadzapezekenso kanthu ka munthu. Profesa analemba uthenga wautali pagulu. Sindinauwerenge, koma ndinamva kuti dzina la mkamwini linatchulidwamo kanayi. Lachitatu mlongo wanga anafika kwanga ndi zikwama ziwiri, ndowa ndi chikolopa.

Anakhala masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Tsiku loyamba anachapa makatani, ndipo ndinadziwa kuti ndi obiriwira. Tsiku lachitatu analowa m'chipinda cha zitsulo. Ndinamuletsa. Anati sataya kanthu, angosanja. Anatsuka zonse ndi parafini, n'kuziika m'zitini potsata kukula kwake, zitinizo n'kuzindandalika pashelefu. Munkaoneka bwino ngati m'sitolo. Mnzanga atabweretsa njinga yamoto kuti ndimuonere, ndinatha ola lathunthu ndikutsegula zitini.

Sindine munthu wodandaula. Ndinavala jekete n'kupita kuntchito kwa mkamwini nthawi ya nkhomaliro.

"Bambo, tibokosi timene takukanikani kupeza tilipo tingati?"

"Khumi ndi tinayi, Amalume."

"Chichokereni apongozi anu mwapezapo tingati?"

Anayang'ana pansi.

"Anzanu apagulu aja amakulankhulani?"

"Pang'ono."

"Munthu atapeza tonse khumi ndi tinayi, angamulankhule?"

Ine ndinamwa tiyi wake n'kubwerera.

Loweruka madzulo galimoto inaima pakhomo panga. Mkamwini analowa ndi matochi awiri apachipumi, ina ikadali m'pepala lake. Anakhala pampando, mawondo pamodzi. Anati ana akuwasowa agogo awo. Mlongo wanga anati anawo anawaona dzana. Anati nyumba yazizira. Mlongo wanga anati atseke mawindo. Pamapeto pake ananena zoona, kuti pali china kumlatho wa njanji chimene wachisaka miyezi isanu.

"Kachipinda kanu kaja ndizilowamo," anatero mlongo wanga.

"Muzilowamo, Amayi, koma patebulo pokha ayi."

"Patebulo Lachisanu lokha."

"Ndi kansanza kouma."

"Tiona."

"Ndipo tikachipeza, Amayi, chonde, wogwira ndi ine. Inu muzingoloza."

"Nanga dzina papepalapo?"

Mkamwini anakanda m'mutu. Anati pagulu angasokonezeke ataona mayina awiri.

"Lembani lanu," anatero mlongo wanga. "Ine dzina langa silikhala m'ngalande."

Ndinawanyamulira zikwama mpaka m'galimoto. Ndowa ndi chikolopa ndinaziika ndekha kumbuyo, n'kutseka bwino.

Pa khumi ndi tinayi tija apezapo tisanu ndi tinayi. Pagulu akuti mkamwini wathu ali ndi diso lachilendo, ndipo ena ayamba kumupempha kuti awaphunzitse. Amawauza kuti chinsinsi n'kudekha. Loweruka lililonse amatuluka awiri, iye kutsogolo ndi foni yake, mlongo wanga pambuyo manja ali kumsana. Akafika mlongo wanga amamusiya apapase kaye mphindi khumi, kuti thukuta lituluke, kenako amaloza ndi mlomo. Akaona kanyumba ka mlonda, mkamwini amayenda mbali ya geti, kumutchingira mlongo wanga kuti asalowere kumeneko.

Ine sindipita nawo. Ndikusakabe sipanala yanga ya nambala teni.