Lichero la a Sen ndi a Rahman

Fungo la mafuta a mpiru akapsa pamoto silinandichokebe m'mphuno, ndipo ndikangolimva ndimawaona a Sen ataima pa zenera la khitchini yawo, thaulo lili paphewa, akutsokomola ndi utsi umene aufukiza okha. Loweruka lililonse utsiwo unkatulukira pansi pa chitseko chawo, kukwera masitepe a nyumba yathu ya miyala yofiira ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, n'kukalowa m'zovala za kutchalitchi zimene amayi ankakhala atasita kale, mpaka amayi ankati mawa lake tikakhale mabenchi a kumbuyo chifukwa tikununkha nsomba za eni. Ife tinkakhala pamwamba penipeni. Pansi pathu panali zitseko ziwiri zoyang'anana. China chinali cha a Sen, Mhindu wa ku Kolkata m'dziko la India, china cha a Rahman, Msilamu wa ku Sylhet m'dziko la Bangladesh. Onse awiri anali atapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi mumzinda uno, onse akazi awo anali atatsogola, ndipo ankamvana m'Chibengali, chilankhulo cha kwawo onse awiri.

A Sen anali kamunthu kafupi kokhala ndi mawu a munthu wamtali. Ife ana tinkawatcha agogo, ndipo dzinalo analikonda moti anakakamiza amayi kuti awaphunzitse Chichewa. Anangogwira mawu awiri basi, moni ndi zikomo. Ankakupatsa moni n'kudziyankha okha usanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo akamatikalipira chifukwa chothamanga pamasitepe ankamaliza ndi zikomo kwambiri, nkhope ili gwaa. Nsomba ankagula ndi kutumbula ndi a Rahman, munthu wamtali, wofatsa, wa ndevu zoyera, koma wokazinga anali a Sen, ndipo awiriwa ankakangana za mchere ngati kuti pali mphoto. Tsiku lina atandipeza ndikumvetsera pachitseko, a Sen anandiuza kuti, "Mukamva tikukangana musadandaule. Mudzadandaule tsiku limene mudzamve kuti zii."

Chaka chimene ndikunenachi chinali cha ukwati wa achemwali anga a Tadala, ndipo ine mtima unali m'mwamba miyezi yonseyo, chifukwa anandisankha kukhala m'gulu la operekeza akwati. Abale inu, ndinkavina ndi m'tulo momwe. Tinkayeserera sitepe yathu yovina kuseri kwa nyumba, pansi pa zingwe zoyanikira zovala, wailesi titaiika pa bini ya zinyalala, manja atachita dzanzi ndi kuzizira, ndipo nkhalamba ziwirizo zinkatulutsa mipando n'kumationera. A Rahman ankawomba m'manja mwaulemu. A Sen ankadzuka n'kumatilangiza, iwo amene chiuno chawo chinali ngati thabwa. Ankati Tadala ndi mwana wawonso, popeza ndi iwo amene anamuonetsa basi yokwera tsiku loyamba kupita ku koleji.

Kenako kunabwera nkhani za ku Bangladesh. Inali nyengo ya mikangano ya ndale, zipani zikulimbana, misewu ikutsekedwa, mabasi akutenthedwa, ndipo monga zimakhalira, mkwiyo unakagwera anthu ochepa amene alibe owatchinjiriza. M'midzi ina nyumba za Ahindu ndi malo awo opempherera zinapsa. Tsidya lina la malire, ku India, andale ena anaitola nkhaniyo n'kuyamba kuloza chala Asilamu a kumeneko, anthu amene sanawolokeko n'komwe malirewo. Moto wonsewu unafika pamasitepe athu kudzera m'mafoni. Mwana wa a Sen, dzina lake Arun, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Edinburgh ndipo ankabwera ndi ana ake awiri Lamlungu lililonse, anawaonetsa bambo ake kanema wa mudzi wa ku Bangladesh umene mayi awo a a Sen anabadwira, madenga akugwa ndi moto. A Rahman nawonso analandira zithunzi za mphwawo wina wokhala ku India, amene anthu anamuphwanyira kagolosale kake. Aliyense foni yake inkangomuonetsa misozi ya kwawo.

Loweruka lina a Sen ndi a Rahman anakumana pakati pa zitseko zawo, a Rahman ali ndi jumbo ya nsomba m'manja. Ine ndinkatsika kukataya zinyalala. Ankalankhula Chingerezi dala, mwina kuti masitepe onse amve. A Sen anafunsa ngati a Rahman aona zimene anthu awo achita. A Rahman anayankha motsitsa mawu kuti nawonso ali ndi zoti awaonetse za anthu awo a Sen. Zinathera pomwepo. Zitseko ziwiri zinatsekedwa, jumbo ya nsomba inatsala pansi, ndipo kuyambira tsikulo panali zii uja a Sen anandiuza. Zovala zathu za kutchalitchi zinayamba kununkhira sopo yekha, koma amayi sanakondwe nazo.

Chimene chinalimbitsa chitseko cha a Sen anali Arun. Amayi anamumva akuuza bambo ake pamasitepe kuti akadzangowaonanso akuseka ndi munthu ameneyo, ana ake sadzapondanso m'nyumbamo. Ndipo zidzukuluzo zinali moyo wa a Sen. Lamlungu ankadzuka m'mamawa kuzikonzera maswiti a mkaka, n'kumadikira pa zenera atavala jekete ngati akupita ku ofesi.

Amayi anawaitana onse ku ukwati, ndi Arun yemwe, popeza mnansi sasankhidwa. Anawauza bambo kuti aonetsetse kuti nkhalambazo zakhala motalikirana, ndipo bambo anakonzadi matebulo, ena kuno ena uko. Koma anaiwala munthu mmodzi, mwini maikolofoni. Ameneyu anali a Mbewe, mkulu wa kutchalitchi kwathu, munthu woti akayamba kuyankhula ngakhale mvula imadikira. Nkhani za pamasitepe athu sankazidziwa, ndipo za Kolkata ndi Sylhet kwa iwo zinali chimodzimodzi.

Holo inali ku Easterhouse, ndipo tsikulo inadzaza mpaka mawindo kuchita thukuta. Tinalowa ndi sitepe yathu, nthungululu zikung'amba denga, azimayi atavala zitenje zofanana pamwamba pa majuzi, ana obadwira kuno akukuwa m'Chingerezi chawo cha ku Glasgow, ine ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Sindinaphonye ndi phazi limodzi lomwe, ndipo amene akutsutsa abwere ndi umboni. Perekaniperekani atayamba, a Mbewe anaitana magulu mmodzimmodzi monga mwa mwambo, akuchikazi, akuchimuna, amayi a chigwirizano, manesi anzawo a achemwali, Angoni, Alomwe, ngakhale Azungu a kuntchito kwa bambo, amene anavina ngati akupondereza mphemvu koma anaponya bwino. Gulu lililonse linkatulutsa anthu awiri ogwira lichero patsogolo pa akwati, ena onse n'kumavina akuponyamo.

Ndiye a Mbewe anaunguza m'holo, maso awo n'kuwala ngati atola chikwama. Analengeza kuti lero tili ndi alendo apamwamba, abale athu Amwenye, ndipo ationetse mmene amafupira kwawo. Ndinaona amayi akugwira kumutu. Bambo anayesa kuwakodola, koma a Mbewe anali atafika kale pa tebulo la a Rahman n'kuwagwira dzanja, kenako anawoloka holo yonse akuvina n'kukawakoka a Sen ndi dzanja linalo. Anawaimika patsogolo pa akwati, anawapatsa lichero limodzi, uyu mbali iyi uyu mbali iyo, n'kuuza woimbitsa nyimbo kuti akweze.

Nyimbo inalira, koma nkhalambazo zinangoima ngati mitengo, aliyense akuyang'ana khoma lake. Anthu ena, poona kuti alendowo alibe gulu lalikulu, ananyamuka kuti awathandize, ndipo lichero linayamba kudzaza. Dzanja la a Rahman linali lonjenjemera kuyambira kale chifukwa cha ukalamba, ndipo mbali yawo inayamba kupendekera. Nthawi yomweyo Arun anafika, makiyi a galimoto ali m'manja, ana ake ali pambuyo atavala kale makhoti.

"Bambo, siyani chimenecho. Tiyeni tizipita."

A Sen anayang'ana mwana wawo, anayang'ana zidzukulu zawo, kenako anayang'ana achemwali, amene anali atasiya kumwetulira pansi pa velo.

"Ndagwira lichero la mwana," anatero a Sen. "Ndikasiya, uyu yekha salitha. Ligwa."

Anasuntha dzanja lawo n'kuliika pansi pa lichero, pafupi ndi la a Rahman, kuti liwongoke. Kenako, abale, chiuno cha thabwa chija chinagwedezeka. Anayamba sitepe yathu yomwe ija, molakwitsa kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo popeza lichero linali limodzi, a Rahman sakanachitira mwina koma kutsatira. Holo inaphulika. Azimayi analulutira, anyamata anaimba malikhweru, Azungu aja anabwereranso kudzaponda mphemvu zawo, amayi anga anavula mpango n'kumawakupiza nawo akulira ndi kuseka nthawi imodzi. A Sen anatembenuka n'kunena kanthu m'Chibengali, a Rahman anaseka mpaka ndevu kugwedezeka, ndipo pambuyo pake tinamva kuti anawauza kuti amavina moipa kuposa mmene amathirira mchere. Ine ndinavina mpaka nsapato imodzi kuthawa. A Mbewe ankangodzitama pa maikolofoni kuti iwo amadziwa kusankha anthu, osadziwa chimene achita. Nditayang'ana kukhomo, Arun ndi ana ake anali atapita.

Arun anasunga mawu ake. Lamlungu lotsatira sanabwere, lotsatiranso sanabwere. Nkhalamba ziwirizo zinayambanso kudyera limodzi ndi kukangana monga kale, ngakhale mafoni awo sanasiye kubweretsa zoipa, ndipo nthawi zina ankaonera limodzi mavidiyowo, aliyense akupukusa mutu ndi za mnzake. Koma Lamlungu a Sen ankavalabe jekete yawo n'kukhala pa zenera. Amayi anatsika kukapepesa kuti ukwati wathu wawalekanitsa ndi mwana wawo, ndipo iwo anakana kulandira chipepesocho. Anati wolakwa si a Mbewe, ndipo amene anatentha mudzi wa mayi awo si a Rahman, chifukwa tsiku limenelo a Rahman anali tsidya la masitepe akudandaula msana.

Nditakula pang'ono ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo. Ndinkayembekeza yankho lokoma la m'mabuku. Iwo anati, "Lamlungu lililonse, mwanawe."

Lero ndine amene ndimagwira maikolofoni m'maukwati a Amalawi kuno ku Glasgow, ndipo ndisanayambe ndimafunsa eni ukwati kuti ndani sakumwerana madzi ndi ndani, kuti ndisabwereze za a Mbewe mosadziwa. Foni yanga nayonso imandibweretsera moto wa kumayiko ena, ndipo ndikamva lilime langa likufuna kuuza munthu kuti taona zimene anthu ako achita, ndimaliluma. Koma chimene ndimanyamula kwenikweni mumtima ndi Lamlungu lina, ndili kale ku koleji, pamene ndinakumana ndi anthu awiri achilendo akukwera masitepe athu, mtsikana ndi mnyamata amene anali atayamba kumera ndevu. Anali zidzukulu zija, zitabwera zokha pa sitima, bambo awo osabwera. A Sen anatsegula chitseko, anawayang'ana nthawi yaitali, anawagwira kumaso mmodzimmodzi misozi ikutsika. Ndipo asanawalowetse n'komwe m'nyumba, anawoloka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kukagogoda kwa a Rahman kuti abwere adzawaone.