Tsiku limene ndinatsokomoletsa pikapu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlongo wanga wamng'ono, Tadala. Ine ndinali kwathu ku Balaka, laisensi ili m'thumba koma galimoto yoyendetsa palibe, ndikungotha nsapato. Iye anali ku yunivesite ku Mzuzu, ndipo Loweruka ankathandiza ku kabungwe kena koona za chilengedwe. Atamva kuti dalaivala wawo wasiya ntchito, anakauza abwana ake, mayi Chirwa, kuti, "Achimwene anga ndi munthu wosamala kwambiri." Mawu amenewo ndi amene anandilembetsa ntchito, osati laisensi.

Ndinafikira ku Chibavi, m'kachipinda ka lendi kamene makoma ake ankachita thukuta kukazizira. Masiku amenewo mzinda unkakula ngati mwana wakudya bwino. Kulikonse anthu ankagwetsa mitengo n'kumanga zipinda zoti ophunzira azichita lendi, ndipo magalimoto ndi njinga zamoto zinkachuluka mwezi ndi mwezi. Akuluakulu a m'deralo ankadandaula kuti Mzuzu wa kale, wa nkhungu ndi mvula yosatha, akupita. Ine ndinkangomva, poti kwa munthu wa ku Balaka kunali kukuzizirabe koopsa.

Galimoto ya kabungweko inali pikapu yoyera ya dizilo, yokalamba ndithu. Pa zitseko panali chithunzi cha mtengo ndi mawu akuti tisamale mpweya umene timapuma. Ndinkaikonda ngati yanga. M'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti, kusolola kawaya koyezera oyilo, kuona madzi a mu rediyeta ndi mafuta a buleki, kenako kuzungulira matayala. Ndikatha apo ndinkaitsuka ndi sopo, kuipukuta, matayala n'kuwapaka polishi ya nsapato. Munthu ankatha kupesa tsitsi akudziyang'anira pa chitseko. Malo amodzi okha amene sindinkaimapo injini ikulira ndi kumbuyo, kumene kuli ekizozi.

Pikapuyo inali ndi matenda awiri. Batire inali yofooka, moti ndinkaimika moyang'ana kumtsetse kuti ikakana ndiilizire pa giya yachiwiri. Chachiwiri, inkafuka. Nditapita nayo ku galaja kukasintha oyilo, makaniko wake, bambo Mkandawire, anatulutsa fyuluta ya mpweya n'kundionetsa. Inali bii ngati pansi pa mphika.

"Adada, iyi yatha ntchito. Manozo opopera mafuta mu injini nawonso akudontha, dizilo sakupsa yense," anatero. "Josi ili lizamusuzgani."

Josi ndi utsi m'Chitumbuka, ndipo ndinamva bwinobwino kuti akuti udzandivutitsa. Ndinakawauza mayi Chirwa, koma ndinanena mopepuka, ngati nkhani ya kuthothoka kwa penti, poopa kuoneka dalaivala wodandaula ndisanathe ndi miyezi yomwe. Iwo mutu unali pa ndawala imene ankakonza, choncho anangoti tidzaona ikadutsa. Fyulutayo ndinaimenyamenya pa tayala, fumbi n'kuchoka, ndipo ndinaibwezera momwemo.

Mankhwala ena ndinawapeza ku depoti, kumene ndinkakonda kucheza ndi madalaivala a minibasi. Iwo ankati galimoto ya dizilo ikamayenda pang'onopang'ono imadzaza mwaye pachifuwa, ndiye umafunika kuitsokomoletsa. Umaika pa nyutulo, kuponda moto mpaka pansi kawiri kapena katatu, chiutsi chonse n'kutuluka kamodzi, kenako imayenda mopepuka. Ndinayesa ndili ndekha pamsewu ndipo ndinaona ngati zikuthandiza. Ndinadzimva kuti tsopano ndine dalaivala weniweni.

Ndawala ija inali ya nyengo yodzala mitengo. Ophunzira a ku yunivesite ankayenera kuyenda kuchokera m'tauni kukafika ku Nkhorongo, kumene kunali malo odzalapo mbande. Ntchito yanga inali kutsogola ndi pikapu, itanyamula masipika awiri ndi machubu a mbande kumbuyo. Masipikawo tinawalumikiza ku batire ya galimoto, ndiye injini siinkayenera kuzima ngakhale pang'ono. Mayi Chirwa anakhala pambali panga ndi chimkuzamawu m'manja. Tadala anandipatsa chikwama chake kuti ndimusungire kutsogolo, iye n'kukagwira chinsalu cholembedwa uthenga pa mzere woyamba, kumbuyo kwenikweni kwa pikapu. Onse anavala matisheti oyera atsopano. Kuti mlongo wanga ali ndi mphumu ndinkadziwa kuyambira ali wakhanda, koma m'mawa umenewo sizinandidutse m'mutu.

Tinanyamuka bwino. Ndinkayenda pa giya yoyamba, phazi likusewera pa kilatchi, liwiro la munthu woyenda pansi. Mayi Chirwa ankalankhula mokoma zedi. Ankafotokoza kuti dziko likutentha chifukwa cha malasha ndi mafuta amene akuotchedwa m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi a m'mayiko olemera, chifukwa cha nkhalango zimene tikugwetsa n'kuotcha makala, komanso chifukwa cha magalimoto. Anthu a m'mbali mwa msewu ankaima n'kumamvetsera. Ine ndinatulutsa chigongono pawindo kuti aliyense aone amene akuyendetsa.

Titayamba kukwera chitunda, injini inayamba kunjenjemera. Pagalasi ndinaona utsi ukukhuthala, ndipo ena a pa mzere woyamba ankadzikupiza ndi manja. Mnyamata wina anathamanga n'kumenya chitseko changa. "Adada, pachoko pachoko, josi!" Manyazi anandigwira. Ndinaganiza kuti kusiyana n'kuwafukiza njira yonse, bola ndichotse zonse kamodzi monga anandiphunzitsira ku depoti. Sindinawauze kuti apatuke, ndipo sindinayang'ane n'komwe kuti ali pafupi bwanji. Ndinaponda kilatchi, kuika pa nyutulo, n'kuponda moto mpaka pansi.

Nthawi imeneyo n'kuti mayi Chirwa akunena kuti, "Utsi wa magalimoto athuwa ukuwononga mpweya." Mawuwo anamveka tauni yonse, ndipo pikapu inawayankha. Chimtambo chakuda chinatuluka tolotolo, galasi langa lonse linada, anthu sindinawaonenso. Ndinaponda kachiwiri phazi lisanamve zimene maso aona.

Anthu a m'mbali mwa msewu anafa nacho chikhakhali. A kabaza anaimika njinga zawo zamoto n'kumawomba m'manja, wina n'kukuwa kuti, "Yewo chomene, chitsanzo tachiona!" Koma kumbuyo kunalibe woseka. Kunali kutsokomola kokhakokha, kenako mawu a mtsikana akukuwa kuti, "Zimitsani! Zimitsani galimoto!" Ndinatembenuza kiyi osaganiza, ndipo masipika anangolira pang'ono n'kukhala chete.

Nditatsika ndinapeza chinsalu chili pansi, matisheti ali mawangamawanga. Tadala anali atagwada pa phula, dzanja lili pachifuwa, kupuma kwake kukulira ngati kherere. Ankandiyang'ana koma mawu osatuluka. Ndinathamangira chikwama chake, ndinakhuthula zonse pampando mpaka ndinapeza kampope kake ka mankhwala. Anapopera, koma chifuwa sichinamasuke msanga.

"Munyamuleni, tipite naye kuchipatala," anatero mayi Chirwa.

Tinamukweza kutsogolo. Ndinatembenuza kiyi, sitata inangoti tche. Ndinayesanso, tche. Masipika anali atamwa kamoto konse kamene kanatsala mu batire. Galimoto inali itayang'ana kumtunda, kumbuyo kuli khamu la anthu, moti yoilizira pa mtsetse panalibe. Anyamata anayesa kukankha chokweza koma inangosuntha pang'ono. Ine dalaivala wosamala kwambiri ndinakhala pa chiwongolero thukuta lili kamukamu, mlongo wanga akubanika pambali panga, galimoto ikunyezimira ngati ya ukwati. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene anamutenga ndi wa njinga yamoto uja anakuwa za chitsanzo. Anamukhazika pakati, mnzake wina n'kumugwira kumbuyo, ndipo ananyamuka. Ophunzira anatsitsa mbande m'pikapu, aliyense kunyamula machubu ake m'manja, n'kupitiriza ulendo akuimba opanda sipika. Anandilambalala mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene ananditukwana. Zikanakhala bwino akanatero. Ndinatsala ndekha pakati pa msewu ndi galimoto yolembedwa kuti tisamale mpweya, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

Kuchipatala ndinafika wapansi masana, nditasiya pikapu m'manja mwa bambo Mkandawire, amene anabwera ndi batire ina. Tadala ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, akupuma bwino, tisheti yake ili ndi mzere wakuda pachifuwa. Ndinaima pakhomo ngati mlendo.

"Lowani, achimwene," anatero ndi mawu osasa. "Ine ndinawauza anthu kuti ndinu wosamala. Sindinadziwe kuti mumasamala penti."

Ndinapepesa, misozi ili m'maso, mwamuna wamkulu. Iye sanakokere nkhani. Anangondiuza kuti utsi wakuda umene unamugwetsa ndi umene maso amaona, koma ngakhale galimoto yabwinobwino imatulutsa mpweya wina wosaoneka, ndipo umenewo ndi umene ukutenthetsa dziko. Anati pikapu imodzi siingasinthe nyengo ya Mzuzu, koma kumbuyo kwa galimoto iliyonse kumakhala munthu amene akupuma.

Ntchito siinathe. Mayi Chirwa anavomera kuti nawonso anazengereza, ndipo galimoto inalowa m'galaja sabata yomweyo: fyuluta yatsopano, manozo okonzedwa, batire yatsopano. Chimene sichinakonzeke ndi dzina. Ophunzira ananditcha a Josi, ndipo mpaka lero ku depoti mukafunsa dzina langa lenileni adzakuuzani kuti sakundidziwa. Tadala naye anavutika ndi anzake kwa nthawi yaitali, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa dzinalo.

Kuyambira pamenepo m'mawa ndikaliza injini ndimatsika n'kukaima kumbuyo, pamene munthu woyenda pansi angaime, n'kupuma. Makaniko akanena chinthu ndimakachinena kwa abwana monga momwe chilili. Ndikamadikira munthu ndimazimitsa injini, ngakhale anzanga amandiseka kuti ndikuumira mafuta a eni ake. Kutsokomoletsa ndinasiya, poti galimoto yodwala imafuna makaniko.

Tsiku limene Tadala anamaliza maphunziro, mayi Chirwa anandilola kukamutenga pa pikapu yomwe ija. Anatuluka atavala mkanjo wake, ndipo nditangoliza injini ndinamuona akuthawira kutsogolo kwa galimoto, dzanja lili pamphuno, akuseka. Ndinatsika n'kumupempha kuti abwere kumbuyo. Anakayika pang'ono, kenako anabwera n'kuima pafupi ndi ekizozi. Anakoka mpweya, ine mtima uli m'mwamba, n'kuutulutsa bwinobwino.

"Tiyeni, a Josi," anatero. "Amayi athu akutidikira."