Nkhata Yoyera pa Nsalu ya Ubatizo

Linali Lachinayi loyamba la mwezi wa Ogasiti, cha m'ma 2 koloko masana, pamene mayi a kunyumba anandiika singano m'manja.

"Bambo, mumalizitse ndinu. Ine maso akana."

Inali nsalu yoyera yoti tikafundike mdzukulu wathu woyamba pa ubatizo wake, Lamulungu la sabata yomweyo ku Nguludi. Mayi a kunyumba anaiyamba pamene mwana wathu wamkazi anali woyembekezera. Pakati pake anajambulapo ndi pensulo maluwa ndi masamba ozungulira, n'kumapeta ndi ulusi woyera, monga anaphunzirira kwa masisitere ali mtsikana. Kenako ng'ala inakula m'maso onse awiri. Panatsala malo a maluwa atatu kuti mzerewo ukumane.

Ine ndine mlimi. Singano ndimaidziwa posoka pakamwa pa thumba la nandolo. Ndinafunsa chifukwa chopetera choyera pa choyera, poti sichioneka. Anati chimaoneka ukapendeketsa nsalu padzuwa, ndipo za kwa Mulungu sizifuula. Sindinamvetse, komabe ndinakhala pakhonde n'kuyamba.

Duwa loyamba ndinalimasula kanayi. Iwo ankalipapasa ndi chala.

"Limeneli ndi duwa kapena nkhupakupa?"

"Ndatsata pensulo."

"Pensulo yake iti? Mwakoka ulusi ngati mukumanga mbuzi. Masulani."

Cha m'ma 4 koloko anafika asewere, mayi a mkamwini wathu, kuchokera ku Mikolongwe, atanyamula nkhuku ya paphwando. Titalonjerana anatenga nsaluyo, anaipendeketsa padzuwa, kenako anaibweza pamiyendo panga msangamsanga ngati yawaotcha.

"Asewere, iyitu ndi nkhata."

"Ndi maluwa chabe," ndinatero.

"Maluwa ozungulira chonchi munawaonapo kuti, kupatula pamanda? Mwana wangotuluka m'chipatala sabata yatha, chibayo chitamusautsa, ndiye mukamufundike nkhata? Mdzukulu wanga ine ayi."

Mayi a kunyumba anatembenukira kumene mawu ankachokera.

"Maluwa amenewa masisitere ankawapeta pa nsalu za paguwa. Guwa ndi manda? Mwanayu ndi wa mudzi uno, asewere. Inu mwangobwera ndi nkhuku."

"Nkhukuyo ndikhoza kubwerera nayo. Koma mukamutengera mwana m'chimenechi, ine m'tchalitchi sindilowa."

Onse awiri anatembenukira kwa ine, kudikira kuti ndilankhule. Miyezi yonseyo ndinkaona chojambulacho tsiku ndi tsiku ndipo za manda sizinandibwerere n'kamodzi komwe. Tsopano sindinkathanso kuona china. Ndinakumbukira nkhata imene ndinaika pamanda a bambo anga, ndi ina pa a mng'ono wanga. Kukula kwake kunali komweko.

Komanso ndinkadziwa chimene asewere sankachidziwa. Adokotala anali asanalonjeze kanthu za masowo. Mayi a kunyumba anali atandiuza kuti mwina iyi ndiyo nsalu yawo yomaliza, ndipo ngati iwo sangamuone mwanayo bwino nkhope, bola amugwire ali m'nsalu ya manja awo.

Ndinapita kuseri kukafunsa mwana wathu, amene ankayamwitsa. Anangoti, "Ababa, akuluakulu ndinu," n'kuyamba kulira. Mkamwini atamva chiyambi cha nkhaniyo anakumbukira kuti sanathirire tomato kudimba.

Ndinabwerera pakhonde n'kupendeketsanso nsalu. Mbali ina inkaoneka ya paguwa, mbali ina ya pamanda. Ndinadzifunsa ngati ulusi ungaitane imfa, ndipo ndinadziyankha kuti ayi, ndine munthu wopemphera. Koma mwana anatsokomola m'nyumba, singano n'kugwa m'manja mwanga. Ndinaifunafuna pansi mpaka dzuwa linalowa. Titadya, aliyense anapita kukagona.

M'mawa mwake ndinadzuka onse akadali m'nyumba. Ndinamasula duwa langa lija. Pamalo potsalapo ndinachapa ndi sopo mpaka pensulo yonse inachoka, ndinayanika, itauma ndinasita. Maluwa anatsala ozungulira koma osakumana, mpata wake wa zala zinayi. Kaya imeneyo ikadali nkhata kapena ayi, kaya ndawononga ntchito ya mayi a kunyumba kapena ndaipulumutsa, sindinkadziwa. Ndinaipinda mpatawo uli pamwamba, ndinaiika patebulo pakati pa kapu ya mayi a kunyumba ndi ya asewere, ndipo ndinakhala pampando kudikira amene ayambe kutuluka.