Fani ya Pikapu ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene fani yoziziritsa injini ya pikapu ya bambo inafa. Tinkakhala kwa Chiwalo, ndipo m'mudzi mwathu galimoto inali yomweyo. Inkanyamula nandolo kupita ku Migowi, inkanyamula akwati, odwala ndi maliro omwe.

Tsiku limene a Yusufu, makanika wa pa Migowi, anatsegula boneti ndinalipo. Anagwedeza mawaya, napukusa mutu.

“Yapsa iyi, achimwene. Pitani ku Limbe mukagule ina.”

“Nyengo ya nandolo ino?” anatero bambo. “Ndikachoka, katundu atenga ena. Galimoto ikamathamanga mphepo imaziziritsa yokha.”

“Ikamathamanga, inde,” anayankha a Yusufu, akupukuta manja.

Kunyumba amayi, omwe anali oyembekezera, anaikambanso nkhaniyo akusenda chinangwa. Bambo anangoti nandolo akatha apita. Ndipo kwa masabata angapo zinaoneka ngati akunena zoona. Ankanyamuka kusanatenthe, ankapondadi moto, kumbuyo atamangirira chigubu cha madzi.

Matenda a amayi anayamba mwezi usanakwane, masana a mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anataya magazi ambiri. Tinawayalira mphasa kumbuyo kwa pikapu, azakhali anga atawagwira miyendo, ine nditawatsamiritsa mutu pamiyendo panga. Chitsulo cha galimoto chinkaotcha ngakhale kudzera pamphasa.

Msewu wake unali wa mabampu ndi mchenga. Bambo akathamanga, amayi ankakuwa mpaka azakhali kumenya denga ndi chikhatho kuti achepetse. Akachepetsa, injini inkatentha. Ndinkawaona pagalasi akuyang'ana kamuvi ka kutentha, kenako kucheukira kwa ife, thukuta likutsika m'khosi. Anasankha kuyenda pang'onopang'ono.

Tili pakati pa minda youma, utsi woyera unatuluka kutsogolo, galimoto n'kuzima. Bambo sanadikire kuti izizire. Anatsegula chivindikiro cha rediyeta ndi malaya awo, madzi owira n'kuwathovukira padzanja mpaka m'chigongono. Sanalire. Madzi a m'chigubu amene anathira mu rediyeta anathera pansi ngati nthunzi, ndiye anandiponyera chigubucho.

“Thamanga, Esinta. Kumene ungaone mjigo.”

Ndinathamanga opanda nsapato, mchenga ukundiotcha kumapazi. Amayi ena amene ndinawapeza pamjigo atamva, anasiya ndowa zawo n'kunditsatira. Titafika, azakhali anali atatchinga kumbuyo kwa galimoto ndi zitenje. Bambo anali atakhala pansi chapatali, dzanja litasupuka khungu. Kunali zii. Ndinkayembekeza kumva kulira kwa khanda, koma ndinkangomva injini ikuthetheka pozizira.

Anali mwana wamwamuna. Anakamuika azimayi okhaokha, monga mwa mwambo wa mtayo, popanda nyimbo. Amayi anga anafika kuchipatala dzuwa litapendeka ndipo anachira. Namwino anauza azakhali kuti mwina mwanayo sakanakhala moyo ngakhale tikanafika msanga. Mwina. Liwu limenelo linakhala nafe m'nyumba zaka zambiri, chifukwa silinawamasule bambo, komanso silinawatsutse.

Dzanja lisanapole, bambo anakwera minibasi kupita ku Limbe, nandolo akadali m'matumba. A Yusufu anamanga fani yatsopano. Amayi sanawakumbutse bambo kuti anawachenjeza, ngakhale tsiku limodzi. Koma sanakwerenso kutsogolo kwa galimoto ija. Popita kumsika ankakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu a matola.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anali munthu wosasamala, ndipo ndinawasungira mkwiyo. Lero, pamene nanenso ndili ndi ana oti ndiwadyetse, ndikudziwa kuti ankasamala kwambiri, kungoti ankasamala za mawa lofanana ndi dzulo. Pali zinthu zina zimene ntchito yake sioneka masiku onse abwino. Zimafunika tsiku limodzi lokha, pamene munthu wanyamula chinthu chimene sangathamange nacho, ndipo tsiku limenelo ku Limbe kumakhala kutali.