Sewero Lolembedwa pa Foni

Kalata yachitatu yomukana inamupeza akusita malaya a eni ake kuseri kwa shopu yochapira zovala. Anaiwerenga pa foni, simbi n'kuiiwala pa kolala mpaka kununkha. Analira ngati walandira uthenga wa maliro.

Mayiyu anali mlembi wa masewero, ngakhale kuti dzinalo ankangodzitcha yekha. Sukulu anaisiyira panjira. Kwa zaka zitatu ankakonza sewero limodzi ndi mkulu wina wazisudzo wa kudziko lakutali, amene anali asanamuonepo ndi maso. Iye ankatumiza zimene walemba, madalawo n'kubweza mawu ojambula akusewera bambo wofunafuna mwana wake wotayika. Chimene mlembiyu ankalakalaka ndi tikiti basi, kuti akakumane, sewerolo likaonetsedwe madala akadali ndi mphamvu.

Bungwe lina linkapereka ndalama zoyendera kwa azisudzo ogwira ntchito motalikirana, kamodzi pachaka, ndipo ndilo linkamukanalo. Mlamu wake, amene ankamusunga, ankamufunsa m'mawa uliwonse ngati ndege yake yatera kale pakhomo.

Atapukuta misozi anaiwerenganso kalatayo, ndipo anaona pamene ankadzipwetekera. Pa funso la pa fomu yopemphera ndalamazo loti n'chifukwa chiyani akufuna ulendowu, chaka chilichonse ankadzitama kuti ntchito ikuyenda bwino zedi pa foni, palibe chovuta. Azisudzofe tili ndi matenda amenewa: nsalu yakumbuyo ikugwa, ife tikumwetulira kuti oonera asadziwe. Abungwe nawo anangoyankha kuti ngati zikuyenda, apitirize pa foni pomwepo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ulendo wachinayi analemba zoona zokhazokha: kuti sadziwa msinkhu wa mnzakeyo, sadziwa kayendedwe kake, ndipo sewero laima chifukwa akulembera munthu amene amangomumva mawu. Tikiti inabwera.

Patatha masiku awiri a ulendo, mwana wamkazi wa madala anamutsegulira chitseko. Madala anali pampando pafupi ndi zenera, miyendo itafundidwa bulangeti. Sitiroko inali itawagwira chaka ndi theka chapitacho. M'chikwama cha mlembi munali masamba odzaza ndi malangizo akuti athamanga, agwada, adzuka mwaukali.

"Bwanji simunandiuze, bambo?"

"Ukanafuna wina, mwana wanga. Pa foni ndinali ndi miyendo."

Mlembi anakhala pansi pambali pa mpandowo. Anazindikira kuti akananena zoona chaka choyamba chija, akanawapeza akuyenda. Chisoni chimenechi sichinamuchoke mpaka lero.

Koma anali ndi masiku khumi ndi awiri okha, ndipo sanafune kuwathera polira. Anatenga cholembera n'kuyamba kufufuta. Bambo wa m'sewero analeka kuthamangathamanga m'misewu. Anakhala bambo wosatha kudzuka, amene amaitana aliyense wodutsa pazenera kumufunsa ngati wamuonako mwana wake. Madala ankakangana naye pa mzere uliwonse, n'kumamunena kuti amalemba mawu ambiri ngati mlaliki wosafuna kutsika pa guwa.

Sewerolo analionetsa katatu m'kaholo ka mipando makumi anayi. Madala ananyamulidwa ndi mpando womwe kukwezedwa papulatifomu. Atayamba kuitana mwana uja, oonera analeka ngakhale kutsokomola.

Patapita miyezi isanu, mwana wawo anaimba foni kunena kuti madala atisiya. Mlembi sanathe kupita kumaliro.

Lero ali ndi gulu lake lazisudzo, ndipo sewero lija likuseweredwa m'mayiko amene iye sanapondemo. Achinyamata akamubweretsera mafomu a ulendo kuti awaonere, amayamba wafufuta mizere yonse yodzitama.

Inu amene mwakanidwa kawiri, katatu, musataye mtima, lembaninso. Koma nenani msanga pamene pakukuwawani, chifukwa amene mukufuna kukakumana nayeyo sadzakhala akukudikirani mpaka kalekale.